Singano ya Atelala

"Makinawo musawagwire," anatero mayi, osatembenuka n'komwe.

Panali patangopita masiku anayi chiikireni bambo m'manda, koma achimwene anali atayamba kale kulongedza katundu m'shopu yosokeramo zovala ija. Mzime, mlongo wawo wotsiriza, ankangopinda nsalu.

"Agwiranso ntchito yanji?" anafunsa achimwene. "Eniake zaka zitatu zonsezi ankalephera ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Opaleshoni ya anthu ophunzira imeneyo!"

Mawuwo anamulasa Mzime. Ndi iyeyo amene anakakamiza bambo kupita kuchipatala, chotupa cha pansi pa ubongo chitayamba kuwaphimba maso. Madokotala anachichotsa podzera m'mphuno, osang'amba mutu, n'kunena kuti mitsempha ya maso yamasuka. Powayeza, bambo ankawerenga zilembo mpaka mzere wapansi, koma achimwene ankati anangoziloweza kuti asakhumudwitse mwana. Nanga akafika kushopu, si ankangoitana: "Mayi a ana, tabwerani, kabowoka sindikukaona!" Anaitana choncho mpaka tsiku limene mtima wawo unaima.

"Mayi, ndiuzeni zoona," anatero Mzime. "Masabata onse aja a mutu ndi thonje m'mphuno, kodi ndinawazunza pachabe?"

Mayi anaphulika kuseka. Kuseka kwenikweni, misozi ili chuchuchu!

"Mwanawe, bambo akowo anali kamberembere. Asanapite ku opaleshoni, chaka chathunthu ndinkakhala pambali pawo kuwalowetsera ulusi, tikucheza. Atachira ndinabwerera ku ntchito zanga. Sabata sinathe, ayambanso kuitana."

"Ndiye kuti maso anafanso," anatero achimwene.

"Takhala chete, iwe. Tsiku lina ndikubwera ndi tiyi ndinasuzumira pazenera apo. Ndinawaona ndi maso angawa: ulusi wakuda, kasingano kakang'onong'ono ka mabatani, kamodzi n'kamodzi walowa! Atamva mapazi anga anausolola msangamsanga, nkhope n'kuichititsa chisoni ngati wosowa abale."

Mzime anakhala pansi pa mulu wa nsalu. Chimtolo chimene anasenza zaka zitatu chinatsika, ndipo sanadziwe ngati alire kapena awakwiyire bambo akewo.

"Nanga inu munatani, mayi?"

Mayi anadzipukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndikanatani? Ndinaika tiyi pathebulo, n'kukoka mpando wanga. Ndinati, 'Bweretsani kuno, akhungu inu.'"