Mabuluku a Ba Chalwe

Chaka chimene kolera inatseketsa misika mu Lusaka, Ennie wa ku Kalingalinga anayamba kudabwa ndi nsapato za mwamuna wake.

Ba Chalwe, mwamuna wakeyo, anali kalaliki pa fakitale ina ya njerwa za simenti. Zaka zonsezi nsapato zawo zinkabwera zili mbuu ngati zaponda mu ufa. Koma tsopano zinkabwera zofiira, ndipo m'miyendo ya buluku munali chisoso chokhachokha. Kodi mu ofesi mumamera chisoso? Ennie ankachithothola chimodzichimodzi, mutu ukuyenda.

Pakhomo zinthu zinali zitathina. Ennie ankagulitsa zitumbuwa pamsika, koma boma linaletsa zophikaphika chifukwa cha mliriwo. Thumba la ufa linali litagwada pakona ngati nkhalamba yopemphera, ana atatu akulisuzumira m'mawa uliwonse.

Ndiye kunamveka kuti boma lipereka makuponi a ufa, umene ku Lusaka amati unga, ku mabanja amene bambo sali pantchito. Wolemba maina anali Ba Bwembya, mayi wapampando wa chipani m'dera lawo, munthu wosakonda zofunsafunsa. Njira yawo inali imodzi: kuyenda khomo ndi khomo cha m'ma teni m'mawa. Mwamuna wopezeka pakhomo ndi lova, wosapezeka ali pantchito. Basi, nkhani yatha.

Makuponiwa anayambanitsa Ba Chalwe ndi Ba Fanwell a nyumba yoyandikana, amenenso ankagwira ku fakitale komweko. Madzulo aliwonse ankakangana pampanda. Ba Fanwell, amene khadi la chipani ankagona nalo m'thumba, ankati boma ndi tate, ndipo tate amadyetsa ana pa nthawi ya mliri. Ba Chalwe ankayankha motsitsa mawu, poti chipani chinali chimodzi koma makutu ake anali ambiri. Ankati kuponi ndi nyambo yotseka anthu pakamwa. Mankhwala enieni ndi ukhondo, boma likonze mipope ndi zimbudzi, litsegule misika, anthu adzidyetse okha. Chimene chinkamudabwitsa Ennie n'chakuti onse awiri ankamaliza mofanana: komabe ife sizitikhudza, ndife anthu a pantchito.

Lachitatu Ennie anafunda chitenje kumutu, anatenga ndowa ngati wopita kumpope, n'kulondola mwamuna wake. Ba Chalwe, tayi pakhosi, nyuzipepala yakale m'khwapa, anadutsa pa akalipentala, anadutsa pa owotcherera zitsulo, koma pofika pamsewu wa kutauni anakhotera kuthengo. Pansi pa mkuyu panali amuna asanu, onse a matayi, atakhala pa njerwa. Pakati pawo Ba Fanwell akukumba maenje a nsolo. Mkangano wa makuponi unayambira pomwe unalekezera dzulo.

Ennie anabisala kuseri kwa chulu. Anaona mwamuna wake akuvula jekete, kulipinda bwinobwino, n'kulikoloweka panthambi ngati pampando wa mu ofesi. Kuseka ndi chisoni zinamugwira pamodzi. Miyezi ingati akubwera kuno? Masana amadya chiyani? Nanga mvula ikagwa?

Mafunsowa anakawatula kwa Mainess, mkazi wa Ba Fanwell. Mainess sanaleke ngakhale kusesa.

"Iwe waziba lelo? Fakitale banatseka kudala, kalekale. Ine wanga nimamuyangana chabe akamanga tayi."

Vuto linali lakuti Ba Bwembya afika pa mzere wawo mawa lake. Kuwauza maso ndi maso Ba Chalwe kuti bambo khalani pansi, ndinu lova, kunali kuwathyola msana; akanalumbira n'kuchoka m'mamawa kuposa kale. Kuwasiya apite, ana adya chisoso. Akazi awiriwo ananong'onezana nthawi yaitali, kenako Mainess anatsamira tsache lake n'kupita kukabwereka moto m'nyumba zinayi, chonsecho mbaula yake ikuyaka.

M'mawa Ba Chalwe anasamba, anavala malaya, anamanga tayi, n'kuyamba kufufuza. Anali ndi mabuluku awiri, la bulauni ndi la Lamulungu. Onse osaoneka.

"Amake Kasoma, buluku yanga ili kuti?"

"Ili mu dilamu pa moto, Bashi Kasoma. Vovala vonse voyenda navo mu tauni nifunika kuvibwatitsa, kolera iyi. Si ndimwe mukamba kuti mankhwala ni ukhondo, osati makuponi?"

Ba Chalwe anasuzumira mu dilamumo. Mawu anali awo omwe. Anafinya buluku limodzi, analikupiza, analiyandikiza pambaula mpaka linanunkha, koma kumwamba kunali mitambo ya Febuluwale, ndipo mitambo ija inali kumbali ya Ennie.

Teni inawapeza pa mpando panja, kumtunda kalaliki, kumunsi chitenje cha maluwa cha akazi awo. Ba Bwembya anafika ndi buku, anawayang'ana kuchokera pa tayi mpaka ku zala, n'kulemba. Ba Chalwe anafotokoza kuti iwo ndi a pantchito, vuto ndi buluku chabe. Ba Bwembya anati iwo salemba mabuluku, amalemba amene am'peza. Ba Chalwe anawonjeza kuti ndiponso makuponiwo sagwirizana nawo n'komwe.

"Kusagwirizana ni kwanu, unga ni wa bana," anatero Ba Bwembya. Ananyowetsa pensulo ndi lilime. "Manje nifafanize?"

Apa Ennie analeka kufinya buluku linalo. Madzi okha ndi amene ankadontha m'ndowa. Ba Chalwe anayang'ana pakhomo, pamene Kasoma ndi ang'ono ake anaimirira, thumba lija lili kumbuyo kwawo. Anakonza tayi.

"Mwalemba kale, mayi. Musaononge buku ya boma."

Ba Bwembya atadutsa, Ba Chalwe anatembenukira kumpanda. Ba Fanwell anali pomwepo, atazikulunga bulangete m'chiuno, akuyang'ana nkhuku mwachidwi chachikulu. Kupitirira apo, khomo ndi khomo mpaka kumpope, mabuluku anali lendelende pa zingwe, ndipo Ba Chalwe ankawadziwa onse, poti miyezi yonseyi ankakhala nawo pansi pa mkuyu.

Anamuyang'ana Ennie nthawi yaitali. Ennie ankangothothola chisoso pa buluku lonyowa, nkhope ili ngati ya mu tchalitchi.

"Mawa ku ofesi kulibe nchito yambili," anatero Ba Chalwe. "Nizakupelekeza kukanyamula unga."