Chidole Chotsala m'Bokosi la a Stanislaus

A Laston anali atamangirira kale bokosi la zipangizo kumbuyo kwa njinga pamene mayi wina wachilendo anatulukira kuseri kwa chigafa cha fodya. Linali tsiku lachinayi chiikireni maliro a mkulu wawo, a Stanislaus, mmisiri wa matabwa wa kufupi ndi Namitete. Anthu anali atabalalika, pabwalo patangotsala phulusa ndi zitsa zokhalira.

Lidiya, mwana woyamba wa malemuwo, ankakulunga mphasa zobwereka. Msana unkamupweteka, ndipo m'mutu munali mutadzaza nkhani ya m'mawa uja. Amayi ake, a Tisiyenji, anabwera pamudzipo chitengwa kuchokera ku Kabudula iye asanabadwe. Tsopano a Laston anali atanena kuti munda wa kudambo ndi wa adzukulu a malemu, ana a alongo awo, ndipo alamu awo adzabwerera kwawo akakolola. A Tisiyenji chiyambire tsiku la maliro ankangokhala pakhonde, miyendo ili tambalale, kuyang'ana zala za kumapazi.

Mlendoyo anagwada, napepesa maliro, kenako anakhala nthawi yaitali akupotokola nsonga ya nsalu yake. Lidiya atamufunsa kachiwiri m'pamene anafotokoza. Dzina lake anali Rosemary, mlezi wa mwana kunyumba ya mzungu wa pa esiteti ya fodya. Dona, mkazi wa mzunguyo, ndi mwana wake atapita ku Blantyre, iye pokonza m'chipinda anagwetsa chidole cha mwanayo. Mutu unang'aluka, mphira wa m'kati unaduka, manja ndi miyendo zinamwazika pa simenti. Anatolera zonse n'kubwera nazo kwa a Stanislaus masabata awiri apitawo, ndipo iwo anamuuza kuti asalire, adzachitenge Lachisanu.

"Lachisanu lake ndi lero," anatero Rosemary osadzutsa maso. "Dona afika mawa. Akachipeza palibe, ntchito yatha, ndi nyumba yomwe ya kukomboni. Ndili ndi ana anayi. Pepani, ndikudziwa kuti si nthawi yake."

A Laston anayankha ali chiimire. Anati chinthucho anachiona m'bokosimo ndipo achitaya mumtsinje popita, chifukwa pamaliro anthu ankanong'onezana za munthu wosunga tianthu ta maso m'nyumba. Anawonjeza kuti kwawo ku Nambuma ndi kutali, dzuwa lapendeka, ndipo sangamasule katundu amene wamangidwa kale.

Lidiya anaika mphasa pansi. Analibe mphamvu zokangana. Anali atakangana kale m'mawa wonse osapindula kanthu. Anapita pafupi ndi njingayo n'kugwada.

"Bambo aang'ono, bokosilo ndi lanu, palibe akukulandani. Koma chidolecho si chathu, si chanunso. Mwini wake ndi uyu wakhala apayu. Ndibwerekeni zipangizo pang'ono chabe."

"Iwe ungachithe?"

"Sindikudziwa. Ndinkangowagwirira."

A Laston anapuma mozama, nayang'ana dzuwa, kenako anayamba kumasula luzi akung'ung'udza kuti chikaonongeka asawatchule.

Ntchito imeneyi a Stanislaus anaiphunzira kumishoni, pomata ziboliboli za m'tchalitchi zikathyoka zala. Mbiri itamveka, azungu a m'maesiteti ndi amwenye a m'masitolo anayamba kuwatumizira zidole za ana awo. Lidiya ali mtsikana ankawagwirira miyendo ya zidolezo iwo akamakoka mphira. Koma panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri chikwatiwireni ku Nsaru, ndipo manja ake anali atazolowera khasu.

Chidolecho anachipeza pansi pa macheka, chitakulungidwa m'malaya akale. Mutu wake unali wa dothi loyera, longa la makapu a tiyi, ndipo bambo ake anali ataumata kale bwino lomwe, moti mng'alu sunkaoneka pokhapokha utakweza tsitsi. Pambali panali timizere ta mphira todulidwa ku chubu cha njinga, ndi ngowe yopinda kuchokera ku sipoko. Anali atakonzeratu zonse. Chibayo chinangowapeza asanalumikize.

Anayala zidutswazo pa mphasa monga momwe munthu amakhalira: thunthu pakati, ntchafu, timipira ta matabwa ta m'mawondo, kenako mapazi. Anakola mphira ku kangowe ka m'phazi, naupisa m'mwendo, naukokera m'thunthu kuti ukatulukire pakhosi. Apa m'pamene pankafunika anthu awiri. Rosemary anagwira thunthulo. Lidiya atakoka, mphira unapulumuka pa ngowe n'kubwerera m'kati, miyendo yonse iwiri n'kugwa. Anayambiranso. Kachiwiri mphira unaduka n'kumukwapula pa chala. Anakhala pansi, chala chili m'kamwa, misozi ikulengeza. Sikunali kupweteka kwa chalako. Anali atangotopa.

A Laston, amene ankaonerera atatsamira mtengo wa mango, anabwera n'kunjuta pa mphasapo. Anasankha mzere wina wa mphira, nautambasula kawiri katatu kuti auyese, n'kuuza Lidiya kuti aupinde pawiri. Anati mkulu wawo ankawagwiritsa ntchito imeneyi nthawi imene Lidiyayo anali akukwawa, ndipo ankawakalipira akakoka mothamanga.

"Mayi, gwirani thunthu ndi manja onse. Iwe Lidiya, ndikatulutsa mphira pakhosipa, upise kamtengo aka msanga, usaubweze."

Anakoka pang'onopang'ono, mitsempha itatuluka pa mkono. Mphira unatulukira, Lidiya anaupinga ndi kamtengo, nakola ngowe ya mutu. Atachotsa kamtengoko mutu unakhazikika pakhosi ndi kaphokoso kakang'ono. Mwendo wakumanzere unali wothina kwambiri moti unkangodzipinda wokha, choncho anamasula n'kumanganso. Manja sanavute. Pomaliza Lidiya anachikhazika pa mphasa ndipo chinakhala chokha osagwa. Atachigoneka chagada, maso ake a galasi anatsinzina.

Rosemary anaomba m'manja mwaulemu.

A Laston anabwezera zipangizo m'bokosi, ngowe ya sipoko ija ndi mphira wotsala womwe, namanganso katundu wawo. Anauza Lidiya kuti nkhani ya munda sinasinthe, ankhoswe akumana Lamulungu likudzali. Koma asanakwere njinga anaima kaye pafupi ndi khonde, chipewa chili m'manja, n'kutsanzika alamu awo ndi mawu otsika, zimene sanachite m'mawa muja.

Rosemary anaveka chidolecho diresi lake, nachiika m'dengu pamwamba pa chigoba cha nyemba zimene anagula m'njira. Ankati azinyamuka pamene a Tisiyenji anayankhula koyamba tsiku limenelo.

"Tabwera nacho kuno."

Anadzuka movutikira, akugwira mzati, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi chipeso cha matabwa cha amuna awo, chothyoka mano awiri. Anakhalanso pansi, nachikhazika chidolecho pamiyendo, n'kuyamba kupesa tsitsi lofiiralo kuyambira kunsonga, modekha, dzanja lina litagwira pamphumi kuti khosi lisagwedezeke.

"Zidolezi ine sindinkazikonda," anatero kwa Lidiya. "Koma bambo ako sankalola n'chimodzi chomwe kuchoka pakhomo pano chosapesa. Ankati mwana akachilandira asadziwe kuti chinadwalapo."

Atamaliza ananyowetsa chala ndi malovu, napukuta kafumbi kamene kanali patsaya, n'kuchipereka kwa Rosemary ndi manja awiri.