Mbewu Yopaka Utoto

Mvula itagwa, mudzi wonse tinabzala mbewu yogula kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga. Sitolo ya mbewu patauni pathu inali yawo yokhayo, chifukwa chigwereni mlatho magalimoto a katundu anasiya kufika. Patatha milungu iwiri, m'munda mwanga munangomera apa ndi apo. Nditafukula phando limodzi, ndinapeza njere zitawola.

Tsiku la msika ndinapita kukafunsa. Pakhonde la sitolo panali patadzaza anthu, aliyense atagwira paketi yopanda kanthu. Alamu anali atathawa kale. Mwini nyumba amene ankawachititsa lendi, poopa kuti amuthyolera zitseko, anatsegula yekha chipinda chakumbuyo.

Tinalowa mokankhana. Pansi panali mabeseni a utoto wofiira, matumba a chimanga chofumbwa, mulu wa mapaketi atsopano ndi kamakina komatira. Mayi wina wogulitsa tomato anatapa njere n'kuzifikisa m'manja. Utoto unatsalira m'zikhatho, njerezo zili mabowo okhaokha.

Nditakweza maso, ndinaona jekete la amuna anga pamsomali. Chigamba cha pachigongono ndinasoka ndine. Manja a jeketelo onse awiri anali psuu ndi utoto.

Ndinatuluka panja. Telala wa pakhondepo, amene amatidziwa bwino, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti amuna angawo ankabwera Lachiwiri lililonse, n'kudzitsekera m'chipindamo mpaka masana. Ine ankandiuza kuti akukathandiza kugulitsa m'sitolo.

Kunyumba ndinawapeza akumata tayala la njinga. Nditawafunsa, sanakane. Anati akulu awowo ndiwo anawalera makolo atamwalira, ndiye kuwakanira kunali kovuta.

“Nanga m'munda mwathu?” ndinafunsa. “Masiku atatu mukukumba mapando, ine ndikuponya njere pambuyo panu. Munkadziwa?”

“Tikanabzala ina, anthu akanadabwa,” anayankha, maso ali patayala.

Ndinakhala pansi pomwepo. Mwana wathu wamng'ono anabwera kudzandifunsa ngati ndapweteka.

M'mawa mwake ndinapita kwa achemwali anga kutsidya, ndipo anandigawira kachidebe ka mbewu yamakolo. Kanakwana theka la munda. Apolisi anabwera Lachisanu ndili mkati mobzala, ndipo ndinangomva kwa aneba kuti awatenga amuna anga. Pamjigo amayi anzanga amandisiyirabe malo pamzere, koma ndikafika nkhani zimatha. Mpaka lero palibe amene wandifunsa ngati ndinkadziwa.