Gitala Yanga ndi Tulo ta a Fabiano

Ndinali pakati pa nyimbo, zala zikuyenda bwino pa nsambo, pamene khoma la kuchipinda linalira: gu! gu! gu! Ndinaleka. Sipika inatsala ikung'ung'udza yokha ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Posakhalitsa ndinamva "Odi!" wouma pakhomo.

Anali a Fabiano, aneba anga, atafunda bulangete ngakhale dzuwa linali litakwera kale, maso ali psuu.

"Amadamu," anatero, "ine sindikukana, kuimba mumatha. Mumatha zedi. Koma munthune ndaweruka sikisi koloko m'mawa uno. Ndachezera pa moto woumitsira tiyi. Ndingoti nditseke diso, inu mwayamba: ndiii! ndiii! Kodi ndizikagona m'munda wa tiyi?"

Munali mu 1999, ndipo ndinali nditangotha miyezi inayi ndikuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ya pa esiteti, nditachokera kwathu ku Chitipa. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, choncho anandipatsa mbali imodzi ya nyumba ya antchito a m'fakitale: denga limodzi, makomo awiri, pakati khoma lopyapyala loti ukatsokomola mnzako kuseriko amati pepani. Gitala yamagetsiyo ndi sipika yake anandisiyira achimwene anga a Lusayo popita ku Joni. A kwaya ya kutchalitchi atamva kuti ndimaimba, anandipempha kuti ndidzawatsogolere pa Pasaka. Kunali kutatsala masabata asanu, ndipo nthawi yokhayo imene ndinkapeza yophunzirira nyimbo zawo inali yomweyo imene a Fabiano ankagona.

"Nkhaniyi sindikufuna ikafike kwa abwana oyang'anira nyumba," anatero motsitsa mawu. "Tingomvana tokha pano."

Ndinawamvetsa bwino. Ikanafika kumeneko, wosamuka akanakhala ine, mlendo, n'kumakayenda mtunda wautali kuchokera ku boma m'mawa uliwonse.

Sabata imeneyo ndinayesa zonse. Ndinafunditsa sipika mabulangete awiri. Inangotentha n'kuyamba kununkha. Ndinayesa kuimba osalumikiza ku magetsi, koma gitala yotere ikakhala yokha imalira ngati udzudzu, sungamve n'komwe pamene walakwitsa. Tsiku lina pa mpopi, a Magdalena, akazi awo a Fabiano, amene ankathyola tiyi m'minda ya kumtunda, anandiona nditagwira tsaya.

"Musadwale nazo, a Suwi," anatero akutsuka ndowa. "Madala aja si oipa, ndi tulo chabe. Pitani ku Bvumbwe, mukafunse a Zakeyu okonza mawailesi. Amene aja amadzutsa ndi wailesi yoti inafa kalekale."

Loweruka ndinakwera minibasi, sipika pamiyendo, gitala itaima pakati pa mawondo. A Zakeyu anali Zakeyu pa dzina pokha: munthuyo anali wamtali moti ankawerama polowa m'kashopu kake komwe. Anamvetsera nkhani yanga yonse, kenaka anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Mayi, zaka khumi ndi ziwiri ndili pano, aliyense amabwera kuti ndimuwonjezere phokoso. Inu ndinu oyamba kufuna kuti ndilichotse!"

Anakankhira pambali mawaya amene anali mbwee pa tebulo, natulutsa kabokosi kakang'ono kokwana m'dzanja.

"Aka kamayendera mabatire. Mulowetsa gitala uku, mahedifoni uku, basi. Koma kamadya mabatire ngati mbuzi m'munda wa nyemba."

Ndinakayesa. Mawu ake anali opyapyala, opanda thupi. Ndinapukusa mutu. Anandiyesetsanso wailesi ya kaseti yakale yokhala ndi bowo la maikolofoni, koma ndikangomenya nsambo ziwiri pamodzi, zonse zinkasanduka phala.

"Nanga sipika yanuyi mumadana nayo?" anafunsa.

"Ayi, mawu ake ndimawakonda. Amadana nayo ndi aneba."

"Basitu, tisagule china. Ndiiboola kumbuyoku, ndiikepo polowetsera mahedifoni. Mukalowetsa, sipika izikhala duu, mawu onse azipita kumakutu kwanu. Mukazula, izilankhulanso ngati kale, mukaimbire Mulungu kutchalitchi."

Kenaka tinafika pa mahedifoniwo. Anandiveka oyamba, aang'ono a siponji, amene anyamata ankamverera makaseti m'misewu. Anali opepuka, koma a Zakeyu anaima chapatali n'kuyamba kuimba nyimbo yomwe ndinkaimbayo.

"Mwaona? Akudontha awa. Khoma lanu lija lizimva."

Anawerama pansi pa tebulo natulutsa ena akuluakulu, akuda, okuta khutu lonse ngati tizipande tiwiri. Mbali imodzi inali yakufa. Anaitsegula, nawotcherera kawaya kamene kanaduka, utsi wa mtovu uli tolotolo, n'kundiveka.

"Yambani motsitsa. Makutu alibe sipeya."

Ndinakhudza nsambo imodzi. Msika wonse wa Bvumbwe unazimirira: ogulitsa kabichi, makondakitala, nkhuku, zonse zii. Munatsala ine ndi gitala, mawu ake onenepa, oyera, ali pakati penipeni pa mutu wanga. Ndinamva ngakhale kukhwekhwereza kwa chala changa pa nsambo, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo. Nditatsegula maso, ndinapeza a Zakeyu akuyendetsa milomo ngati nsomba. Ndinavula mbali imodzi.

"Ndikuti, mwatha theka la ola, mayi! Ena akudikira!"

Kuyambira tsiku limenelo ndinkaimba mmene ndafunira. Ndikaweruka kusukulu, ndinkakhala pa mpando pafupi ndi zenera, minda ya tiyi ili biriwiri mpaka kumapiri, ine ndili m'dziko langalanga, a Fabiano akuliza mkonono kuseri kwa khoma. Pasaka anafika, ndinazula mahedifoni, sipika inalankhula, ndipo amayi a kwaya analulutira mpaka abusa anachita kukweza dzanja.

A Fabiano ankapemphera kwina, choncho za Pasakazo sanazione. Loweruka lotsatira, chakumasana, ndinaona chithunzithunzi cha munthu pakhomo. Anali iwo, atavala malaya ochapa, chipewa chili m'manja.

"Amadamu, ndabwera kudzapepesa," anatero. "Mwezi wathunthu kuli zii. Mayi a kunyumba akuti munangopita nayo kokonzetsa, koma ine mtima sukundikhala. Ngati munagulitsa chifukwa cha ine, ndalakwa. Ine ndinkangofuna tulo, osati kukulandani chinthu chanu."

Ndinawakokera mpando, n'kuwaveka mahedifoni aja. Anakhala chowuma khosi, ngati munthu amene akumetedwa. Nditamenya nsambo, anadzidzimuka n'kutembenukira kumbuyo, kenaka kudenga, kufunafuna kumene mawuwo akuchokera.

"Ili m'mutu!" anakuwa, osadziwa kuti akukuwa. "Amadamu, gitala ili m'mutu mwanga!"

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Anamvetsera nyimbo imodzi ya kwaya mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenaka anasuntha mbali imodzi pakhutu.

"Kodi chinthuchi chimadziwa za kutchalitchi zokha? Ilipo ina, ankaimba malemu mayi anga pobwera kumunda, ya Chilomwe, anachoka nayo ku Mozambiki ali mtsikana. Zaka makumi atatu sindinaimvenso."

Anayamba kuing'ung'udza. Ine Chilomwe sindinkachidziwa, koma zala zinatsatira. Ndinaphonya kawiri, iwo n'kumati, "Ayi, pamenepo imatsika." Kachitatu ndinaipeza. Popeza mahedifoni anali kwa iwo, ine ndinkangomva kaudzudzu ka nsambo. Kuti ndalondola ndinadziwira pa nkhope yawo. Anatsinzina. Phewa limodzi linayamba kugwedera, kenaka linzake. Anaimirira, navula nsapato, ndipo poti waya unali waufupi, anayamba kuvina gule wa tchopa pamalo pomwepo, kuzungulira kabwalo kakang'ono ngati ka lichero.

Nthawi imeneyo a Magdalena ankachokera kokayezetsa masamba, dengu lopanda kanthu lili kumsana, anzawo awiri ali pambuyo. Anaima pakhomo langa kukamwa kuli yasa. M'nyumba munalibe nyimbo iliyonse yomveka, koma mapazi a mwamuna wawo akumenya simenti: pha, pha-pha, pha.

"Amwene, madala apenga!" ananong'ona mmodzi wa anzawo aja.

A Magdalena nawonso anakula akumva nyimbo za Chilomwe. Anatsitsa dengu pang'onopang'ono, maso ali pa mapazi aja. Anawayang'ana kanthawi, milomo ikuwerenga kaphazi kalikonse. Kenaka anawomba m'manja kamodzi, nayamba kuimba nyimbo yomwe ija, mawu ndi mawu, kuyambira pa mzere weniweniwo umene zala zanga zinali zitafika.