Dengu la aNangozo pa Misa ya Masika

Kapiritsi kake n'kakang'ono, sikaposa njere ya mphodza, koma kanawadya mafupa aNangozo ngati nankafumbwe m'chimanga. Bere lawo lakumanzere analichotsa ku chipatala chachikulu ku Lilongwe zaka zitatu zapitazo, atawapeza ndi khansa. Anachira, tsitsi linameranso, anabwerera kwawo ku Golomoti n'kuyambiranso kulima mpunga m'dambo la Bwanje. Madokotala anawauza kuti azimwa kapiritsiko m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu kuti matendawo asabwerere. Iwo ankamwa ndithu, osadumphitsa tsiku.

Ndiye mwezi wa Epulo anaterereka pamjigo. Sikunali kugwa koti munthu n'kukuwa nako. Anangokhala pansi n'kutsamira dzanja, dzanjalo thyo! Ku chipatala cha ku Mua anawaika chikhakha, ndipo a Silvesta, dokotala amene amawaona, ananena mosabisa kuti mankhwala omwe akutchinga khansawo ndi omwenso akupyapyalitsa mafupa, koma asayerekeze kusiya kumwa.

Kelvin, mwana wawo wamwamuna, analipo a Silvesta akulankhula. Koma amuna amamva ndi khutu limodzi, linalo amasungira mpira wa pawailesi. Iye anangotola mawu awiri: mafupa afooka. Basi, kuyambira tsiku limenelo aNangozo anasanduka dzira. Anawayalira mkeka pakhonde, mbali imene dzuwa silifika. Akati adzuke atenge tsache, Kelvin uyu: "Amayi, khalani pansi!" Akati apite kuseri, mpongozi wawo Lydia wawagwira kale mkono ngati akuwolotsa mwana pamsewu wa tala.

Nanga za usipa! Lydia, mwana wa eni ake wachifundo, ankakhala pansi ndi mbale n'kumadula mitu ya usipa umodziumodzi, kuzula minga yonse, ati munthu wofooka mafupa angatsamwe. Usipa! Nsomba yoti ngakhale mwana wosakwana mano amatafuna yonse. Chimene chinkafika pamkeka chinali chinthu chonyenyekanyenyeka ngati chakudya cha anapiye. Anthu akamakukonda mopanda nzeru amakuika m'manda uli maso.

Zonsezi aNangozo akanapirira. Chimene chinawawawa n'cha dengu.

Chaka chilichonse mpunga ukalowa m'nyumba, kutchalitchi kwawo kumachitika Misa ya masika. Mphakati uliwonse, kagulu ka akhristu a dera limodzi, umalowa pamzere, amayi akuvina, madengu a zokolola ali pamutu, mpaka kuguwa kumene akatekisiti amawatula. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wotsogolera mzere wa mphakati wawo anali aNangozo. Anatsogolera chaka chimene anaika amuna awo, atavala zakuda. Anatsogolera ndi bere limodzi, mutu uli mpala mkati mwa duku. Dengu lawo linali lotchuka, chifukwa ankathira mpunga, kutsendera, kuthiranso, moti a Wilfred akatekisiti akawaona akubwera ankayamba amanga kaye lamba.

Kutatsala masabata atatu kuti Misayo ichitike, mai Bizeki, wapampando wa mphakati, anatulukira pakhonde paja.

"Odi kuno! Odwala ali bwanji?"

"Odwala ali kuchipatala. Kuno kuli ine."

Mai Bizeki anakhala pansi, anafunsa za mvula, za adzukulu, za mtengo wa sopo, kenako anafika pa chimene anadzera. "Tinakumana ngati mphakati. Tagwirizana kuti chaka chino mupume. Tikuikirani mpando kutsogolo, pafupi ndi kwaya. Mzere atsogolera mai Tomasi."

"Mai Tomasi? Amene amavina ngati akuponda dothi la njerwa?"

"Iii aNangozo, pakamwa panupo!"

"Pakamwa sipanathyoke. Lathyoka ndi dzanja."

"Nanga mukakagwa m'tchalitchi? Mukufuna Misa ya masika isanduke ya maliro?"

ANangozo nawonso mantha anali nawo. M'mawa mwake anakaika kapiritsi kaja pachikhatho n'kukayang'ana nthawi yaitali. "Iwe ndi amene wandilanda dengu," anakauza. Anaganiza zokakhuthula botolo lonse m'chimbudzi. Kenako anakumbukira wodi ya ku Lilongwe, ndi mayi wina wa bedi loyandikana ndi lawo amene sanabwerere kwawo. Anameza, natukwana chamumtima.

Tsiku lokachotsa chikhakha anapita ku Mua ndi Lydia. A Silvesta anadula chikhakhacho, anapindapinda zala zija, kenako anafunsa, "Amayi, patsiku mukumayenda mtunda wotalika bwanji?"

"Kuchoka pamkeka kufika kuchimbudzi. Ndi wondiperekeza."

"Dzuwa mukumawothera?"

"Ndimalionera patali ngati ndege."

Lydia anaona kuti alankhule, anthu asamayese kuti apongozi ake sasamalidwa. "Adokotala, ife tikuyesetsa. Sagwira kanthu kalikonse. Ngakhale usipa ndimachotsa mitu ndi minga yonse."

A Silvesta anaika cholembera pansi n'kugwira mutu. "Mitu ndi minga mumataya kuti?"

"Timapatsa mphaka."

"Ndiyetu mphaka wanuyo ndi amene akumwa mankhwala a amayi."

"N'chifukwa chake wanenepa," anatero aNangozo. "Amadumpha kuchoka padenga osathyoka."

A Silvesta anaseka, komabe anafotokoza bwinobwino, akuyang'ana Lydia. Chimene chimamanga fupa chili m'minga ndi m'mitu momwemo. Usipa azidya wonse, matemba chimodzimodzi, bonongwe ndi chisoso zisamasowe. Aziwothera dzuwa la m'mawa. Aziyenda tsiku lililonse, chifukwa fupa lili ngati khasu, likangokhala limachita dzimbiri. Anawalembera mapiritsi ena olimbitsa mafupa, nabwerezanso kuti kapiritsi ka khansa kaja asasiye.

"Nanga kuvina?" anafunsa aNangozo.

"Vinani. Bola pamalo osaterera, ndipo osadumpha."

"Nanga dengu?"

"Lolemera bwanji?"

"Loti mwamuna amayamba wamanga lamba."

"Limenelo ayi. Likhoza kukuphwanyani fupa la msana muli chiimire. Pamutu panu pasakwere chinthu cholemera kuposa tambala."

Mu minibasi pobwerera aNangozo ankangodzifunsa mumtima. Kutsogolera mzere wopanda dengu n'chiyani? Ndiye kuti ukuperekeza anzako. Lydia naye manyazi a mphaka uja anali akumudya. Atatsika pa Golomoti anadutsa pachigayo cha mpunga, pamene mankhusu anaunjikana mulu wautali kuposa munthu. Lydia anaima.

"Amayi, bwanji tidzaze dengu ndi mankhusu, pamwamba tithire kampunga pang'ono kongophimba?"

"Apongozi, mukufuna ndikanamize Mulungu paguwa?"

"Mulungu mafupa anuwo anapanga ndi Iyeyo, akudziwa mmene alili. Mpunga weniweni aKelvin adzautengere panjinga, thumba lathunthu. Inu mudzangosenza ulemu wake."

ANangozo anatapa mankhusu m'manja, nawayesa kulemera kwake, nawauzira. Anauluka onse. "Kodi nzeru muli nazo eti? Nanga za usipa zija zinalowa bwanji?" Kenako anatsitsa mawu. "Koma asamve munthu. Ngakhale mmodzi."

Tsiku lotsatira mkeka uja anaupinda okha. Kelvin atati atsegule pakamwa, anamuloza ndi chala: "Iwe, adokotala ati khutu lako linalo likachapidwe." Anavala nsapato zawo za raba n'kuyenda wapansi mpaka kwa mai Bizeki, kutsidya kwa njanji.

"Mwabwera ndi ndani?" anadabwa mai Bizeki.

"Ndi miyendo yanga. Adokotala andilola kuvina. Malo anga ndikuwafuna."

"Ndi dengu lomwe?"

"Ndi dengu lomwe."

Mai Bizeki anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ankawadziwa bwino, kuti akawakaniza adzalowa pamzerepo mwa okha. "Chabwino. Koma mumve. Mukakagwa, kapena kutichititsa manyazi pamaso pa miphakati ina, chaka chamawa ndi zaka zonse mudzakhala pampando. Osadzandilalatira."

Masabata awiri otsalawo aNangozo anayenda m'mawa uliwonse, dzuwa likuwamenya pamsana. Usipa ankatafuna wonse, mitu kukukuta mokweza kuti mphaka amve. Mphakayo ankangowayang'ana ngati amulanda munda.

Lamulungu la masika tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Abambo mfumu anabwera kuchokera kuparishi. Nthawi ya zopereka itakwana ng'oma zinalira, visekese zinayankha, miphakati inayamba kulowa. Wachitatu unali wa aNangozo. Anaika nkhata, Lydia anawasenzetsa dengu lija akudzionetsa ngati akuvutika nalo, mpunga woyera uli tuu pamwamba.

Inu, anavina mayi ameneyu! Sanadumphe, anamvera adokotala. Koma phazi linkagwa pomwe ng'oma yagwa, mapewa akuyankha, chiuno chikukumbuka zonse. Msana unali wowerama pang'ono kusiyana ndi kale, koma khosi linali chilili. Amayi a m'mabenchi anayamba nthungululu. Wina anakuwa, "Ndi omwe aja ankati atha?" ANangozo anamva, nawonjezera kanyadidwe. Mumtima ankangoti: ndafika pakati, ndadutsa kwaya, sindinagwe, sindinagwe.

Chimene anaiwala onse ndi a Wilfred.

A Wilfred atawaona akuyandikira anachita zimene akhala akuchita zaka zonsezi. Anamanga lamba, anatangadza miyendo, anakoka mpweya, anagwira dengu mbali zonse ziwiri n'kunyamula ndi mphamvu zawo zonse. Dengu lija m'mwamba uluuu! Iwo chagada pa masitepe a guwa, mankhusu waaa, ngati mvula. Anagwera pamutu pa abambo mfumu, pamagalasi awo, m'makandulo, ena m'kamwa mwa woimbitsa kwaya amene anali atayasamula kuti akweze nyimbo.

Ng'oma zinasiya. Tchalitchi chonse zii. ANangozo anacheuka, naona mai Bizeki ataphimba nkhope ndi chitenje. Anadziwa kuti mpando uja wayandikira. Koma pakamwa paja panali pabwinobwino.

"Abambo," anatero mokweza kuti a kumbuyo amve, "sindinabwere kudzanamiza Mulungu. Mpunga wanga uli panja panjinga, thumba lathunthu. Ine ndimamwa mankhwala oti khansa isabwerere, ndipo mankhwalawo andidya mafupa. Sindisiya kumwa, ndikufuna moyo. Adokotala andiletsa kusenza zolemera. Kuvina sanandiletse. Amene akufuna kundikhazika pansi adikire ndife, adzandigoneke bwinobwino m'bokosi."

Abambo mfumu anavula magalasi, nawauzira. Anati alankhule, koma anayetsemula. Anayetsemulanso kachiwiri. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Akatekisiti, mwapweteka?"

"Ayi abambo," anayankha a Wilfred ali pansi pomwepo, mankhusu ali m'ndevu. "Kungoti msana ndinaukonzekeretsa pachabe."

Apo ndiye tchalitchi chinaphulika. Anthu anaseka mpaka ena kugwirana, masisitere awiri a kutsogolo akupukuta misozi. Abambo mfumu anakweza dzanja. "Mankhusuwa tawalandira, akagonapo anapiye a kuparishi. Tsopano lowetsani thumbalo. Ndipo mwini wake alitsogolere."

Ng'oma zinayambiranso. ANangozo anabwerera kukhomo akuvina, nakamutenga Kelvin, thumba lili paphewa, thukuta kamukamu.

"Vina iwe," anamuuza.

"Amayi, n'lolemera."

"Ine ndinavina ndi dengu lolemera chomwecho zaka makumi awiri ndi ziwiri. Vina!"

Anavina mwana wa munthu, mopepera ngati ng'ombe yokoka ngolo, amake ali patsogolo manja ali m'mwamba, mphakati wonse uli pambuyo, mai Tomasi omwe.

Misa itatha, mai Bizeki anawapeza pansi pa mtengo wa mango, maso ali ofiira ndi kuseka.

"ANangozo, mwatichititsa manyazi."

"Ndamva."

"Koma miphakati inayo palibe amene akukumbuka kuti yabweretsa chiyani. Onse akukamba za ife." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Malo ndi anu. Chaka chamawa ndikawachenjeza ndekha a Wilfred, tingawaphe bambo wa eni ake."

ANangozo anangoti, "Hmm," ngati ankadziwa kale. Koma anakhala pamuzu wa mango uja akumwetulira chamumtima.

Ali pomwepo, mayi wina wachikulire wa mphakati wa kutsidya, amene kwa zaka zinayi ankangokhala pabenchi chifukwa cha msana, anasendera pafupi. Anayang'ana uku ndi uku, nawakodola ndi chigongono.

"Anzanga, tandiuzani. Mankhusu ajawa munakatapa kuchigayo chiti?"