Kachikasu ndi Kobiriwira pa Chitunda cha Thanki

Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri m'galaja ya alamu anga, achimwene awo a amuna anga. Iwo anali a mainjini, ine wa magiyabokosi. Makasitomala ankangonditchula kuti amayi a magiya, ndipo ambiri ankangondidziwa msana, chifukwa nthawi zonse ndinkakhala nditaweramira pa benchi, manja ali m'beseni la palafini.

Alamu sanali munthu woipa, ndipo khutu anali nalo. Galimoto ikamalowa pageti, iwo ali m'kati, ankatha kunena kuti pulagi yachitatu yatopa, ndipo mukatsegula boneti munkapeza zilidi choncho. Vuto lawo linali limodzi: ankakhulupirira kuti galimoto ndi injini basi.

"Alamu, giyabokosi ndi wantchito chabe," ankatero. "Bwana ndi injini."

"Bwana wopanda wantchito amagona ndi njala," ndinkawayankha, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

Kuseri kwa galaja kunali timagalimoto tiwiri takale tomwe anasiya malemu apongozi aamuna. Tinali ta mtundu umodzi, chaka chimodzi, ta zitseko ziwiri, tating'ono moti munthu wamtali akakhalamo mawondo ankagunda chibwano. Kena kanali kachikasu, kena kobiriwira. Matayala anali ataphwa kalekale, ndipo mu kobiriwira munkaikira nkhuku ya aneba.

Tsiku lina kunabwera mkulu wa bungwe la eni magalimoto akale kudzakonzetsa ekisozi. Akudikira, anatiuza kuti pakatha miyezi itatu kukhala mpikisano wa timagalimoto tating'ono. Ukhala wa magawo awiri: liwiro pa msewu wosalala wa kufakitale yomwe inatsekedwa, kenako kukwera chitunda chopita ku thanki yamadzi, aliyense atanyamula anthu atatu. Pakati pa chitunda padzakhala mzere woyera. Ufike, uime, unyamukenso osabwerera m'mbuyo. Nthawi za magawo onse awiri zidzaphatikizidwa.

Mkuluyo atapita, alamu anandiyang'ana.

"Kutsutsa galu n'kukumba, alamu. Sankhani kanu."

Ndinasankha kobiriwira, ndipo ndinayamba ndi kupepesa nkhuku.

Alamu anathira nzeru zawo zonse mu injini ya kachikasu. Anakulitsa masilinda, anaika mapisitoni atsopano, anachotsa kabureta mmodzi n'kuikapo awiri. Tsiku limene anailiza koyamba, malata a galaja ananjenjemera, anthu a m'mashopu oyandikana anatuluka kudzaona. Koma ine ndinamva chinthu china. Injiniyo inkasangalala ikamalira mokweza. Akangochotsako phazi pang'ono inkatsokomola ngati munthu wodzuka ndi chimfine. Giyabokosi sanaitsegule n'komwe. Anangosintha oyilo.

"Giya thuu yanuyo ikukukuta mano," ndinawauza. "Mphete yamkuwa yothandiza giya kulowa yatha. Bweretsani ndikuikireni ina."

"Mukufuna mundiikire mwala m'katimo? Ayi, zikomo. Injini iyi imakoka ngakhale pa giya fili."

Ine injini ya kobiriwira sindinaiwonjezere kanthu. Ndinasintha maring'i, ndinapala mavavu, ndinaisiya momwe anaipangira eni ake. Nthawi yanga yonse inathera m'giyabokosi. Ndinawerenga mano a giya iliyonse n'kulemba ndi choko pakhoma, ndipo ndinaona pamene panali chilema cha timagalimoto timeneti: kuchoka pa giya yachiwiri kupita yachitatu panali phompho. Pamalo osalala sumalimva, koma pachitunda, yachiwiri imakuthera msanga, yachitatu n'kukhala yolemera, injini n'kugwa mphwayi.

Ndinayenda m'mabwalo atatu ogulitsa zitsulo zakale mpaka ndinapeza giyabokosi ya kaveni konyamula katundu ka mtundu womwewo. Magiya ake anali oyandikana, opangidwira kukoka. Ndinatengamo zomwe ndinkafuna, ndinaika mphete zamkuwa zatsopano, ndipo ndinatsegula n'kutseka bokosilo kanayi mpaka ndodo ya giya inayamba kulowa ndi zala ziwiri zokha. Ndinkadziwa kuti ndagulitsa liwiro kuti ndigule mphamvu yokwerera. Amuna anga, omwe ndi telala ndipo za galimoto amangodziwa hutala, anandisokera zovundikira mipando n'kundifunsa ngati zithandize.

Tsiku la mpikisano kunabwera timagalimoto khumi ndi tiwiri, koma kwa ife tinalipo awiri basi. Apongozi aakazi anabwera atavala ngati akupita ku ukwati, n'kulengeza kuti akwera nawo. Apongozi anga Mulungu anawadalitsa thupi. Alamu anawayang'ana, anayang'ana kachikasu, n'kunena mwaulemu kwambiri:

"Amayi, kwanga kuno n'kothina, komanso kukununkha petulo. Kwerani kwa apongozi anu, kuli mipando yatsopano."

Iwo anatenga anzawo atatu owonda ngati masipoko a njinga. Ine ndinatenga apongozi, amuna anga, ndi mayi wina wogulitsa mabatire yemwe anadzipereka yekha.

Pa msewu wosalala alamu anandichapa, sindibisa. Kachikasu kanatuluka ngati kaponyedwa ndi legeni. Ine ndinalowetsa magiya anga onse anayi msanga, kenako panalibenso china choti n'kuchita koma kupondereza phazi pansi ndi kumvera kainjini kanga kakulira momvetsa chisoni. Woweruza, bambo wachipewa choyera yemwe anali ndi wotchi m'manja, anati alamu andisiya ndi masekondi asanu ndi anayi.

"Kodi tafika kale kapena sitinanyamuke?" anafunsa apongozi kumbuyo.

Alamu anabwera pawindo langa akupukuta manja. "Musadandaule alamu, mipando yanu ndi yokongola."

Kuchitunda alamu ndiwo anayamba. Tonse tinaima m'munsi, pamene msewu wonse unkaonekera ndi makona ake atatu mpaka ku thanki. Anakwera bwino gawo loyamba, anaima pa mzere woyera. Ponyamuka ndi pomwe zinayambira. Injini yawo inalibe mphamvu ikamalira motsika, choncho anaikweza kwambiri n'kumasiya kalachi pang'onopang'ono. Utsi unatuluka pansi, ndipo fungo la kalachi wopsa linatipeza m'munsi momwe. Ananyamuka ndithu. Polowetsa yachiwiri tinamva khrrr, anthu onse n'kugwira mano. Inalowa, injini inakuwa, anapita yachitatu, ndipo pomwepo kachikasu kanafooka ngati kagwidwa ndi dzanja kumbuyo. Anayesa kubwerera yachiwiri, inakana. Anayesanso, inakananso. Anatsika mpaka yoyamba, n'kumaliza chitunda chonse akukwawa, injini ikulira ngati nkhumba yomangidwa miyendo.

"Mphindi zitatu ndi masekondi asanu," anatero woweruza atamva kwa mnzake wa pamwamba.

Itafika nthawi yanga, ndinakhala pa chiwongolero. Mbendera itatsika ndinanyamuka, yoyamba, yachiwiri, kona yoyamba, ndipo mzere woyera unafika msanga kuposa momwe ndinkaganizira. Ndinaima, ndinakoka handibuleki. Kulemera kwa anthu anayi ndinakumva kukutikokera m'mbuyo. Amuna anga anayamba kupemphera chapansipansi.

"Bambo, pempherani mumtima, ndikufuna kumva injini," ndinatero.

Ndinakweza phazi pa kalachi mpaka mphuno ya galimoto inadzuka pang'ono, ndinatsitsa handibuleki, ndipo kobiriwira kananyamuka ngati kali pabwalo. Sikanabwerere m'mbuyo ngakhale chala chimodzi. Yachiwiri inalowa popanda phokoso. Pa kona yachiwiri ndinadikira mpaka mawu a injini atakwera, n'kukankha yachitatu, pamene alamu anafera.

Kanakoka. Mawu a injini anangotsika pang'ono n'kuyambanso kukwera. Sindinakhulupirire ngakhale ndinali nditawerenga mano aja ndekha. Mayi wa mabatire anayamba kumenya denga ndi chikhatho. Apongozi anandigwira phewa.

"Ponda mwanawe! Ponda! Usamumvere chisoni mlamu wakoyo, ndinabereka ndine!"

Kona yomaliza inali yothina, ndinabwerera yachiwiri, inalowa ngati kiyi pachitseko cha kwanu, kenako yachitatu kachiwiri, thanki n'kutulukira patsogolo pathu. Tinadutsa mzere womaliza apongozi akululutira pawindo.

Wa wotchi wa pamwamba anayang'ana wotchi yake kawiri. "Mphindi ziwiri ndi masekondi makumi anayi."

Amuna anga, omwe masamu a tepi amawadziwa, anawerengetsa mofuula: kuchotsa asanu ndi anayi aja, ndatsala ndi khumi ndi asanu ndi limodzi. Pamene timagalimoto tonse tinamaliza, panalibe kena kamene kanandipitirira. Kobiriwira, ka injini yosawonjezera kanthu, kanatenga chikho. Eni magalimoto ena anandizungulira, wina anagona pansi kusuzumira kunsi kwa galimoto, ena atatu anafunsa kumene galaja yathu ili.

Alamu anali ataima patali, boneti ya kachikasu ili yotsegula kuti izizire. Anthu atachepa, iwo anabwera kwa ine.

"Alamu, ndibwerekeni kiyi."

Tinatsika tonse awiri, iwo pa chiwongolero, ine pambali. M'munsi anatembenuza n'kuyamba kukwera. Pa kona yachiwiri analowetsa yachitatu, mutu ataupendeketsa, khutu lija likumvetsera. Atadutsa anabwerera yachiwiri popanda chifukwa, n'kupitanso yachitatu, n'kubwereranso, ngati mwana amene wapatsidwa choseweretsa. Titafika pa thanki anazimitsa injini, dzanja linalo likadali pa ndodo ya giya.

"Mano angati pa fili?"

Ndinawauza.

"Nanga pa thuu?"

Ndinawauzanso. Anagwedeza mutu, milomo ikuwerengetsa.

"Ndiye bokosi ili litakumana ndi injini yanga ija..."

"Litakumana nayo, chaka chamawa ena onsewa angobwera kudzaonerera. Koma kabureta mmodziyo mumuchotse, akungomwa petulo."

"Za kabureta tikambirana," anatero, ndipo anaseka, kuseka kwenikweni. Anatuluka, anazungulira galimoto, n'kunditsegulira chitseko anthu otsalawo akuona.

Pobwerera kunyumba kalachi wa kachikasu anali atatheratu, choncho tinakamanga chingwe. Ine ndinali patsogolo ndi apongozi, chikho chili pamiyendo pawo, alamu kumbuyo akuwongolera galimoto yozima. Pa mphambano iliyonse apongozi ankatulutsa mutu pawindo kuuza anthu osawadziwa kuti uyu akukokayu ndi mpongozi wawo, ndipo uyo akukokedwayo ndi mwana wawo woyamba.