Chinyama cha m'katoni ya Hezron

Katoni inafika pa Chiweta m'mawa wa tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi. Inachokera ku Joni kwa Hezron, mwana wa a Raphael Gondwe ndi akazi awo a NyaMsiska. Dalaivala wa lole anaisiya pagolosale ya pamsewu, naimba foni kuti eni ake adzaitenge. Akuluakulu awiriwo analibe choyendera, choncho amene anapita anali Lettie.

Lettie anali mlangizi wa zaulimi wochokera ku Thyolo. Boma linamutumiza ku Chitimba zaka zingapo zapitazo, ndipo ankachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya a Gondwe. Mwana wake wamkazi anabadwira komweko, ndipo dzina loti Mtende anamupatsa ndi a NyaMsiska. Lettie anamangirira katoniyo kumbuyo kwa njinga yake yamoto ndi mphira, nabwera nayo pang'onopang'ono poti msewu unali wonyowa.

A NyaMsiska anaphunzitsa pasukulu ya mishoni moyo wawo wonse, ndipo atapuma ntchito anatenga Sande sukulu ya pampingo wawo. Chaka ndi chaka ana ankalandira maswiti ndi mabisiketi m'mawa wa Khirisimasi. Chaka chino Hezron anali atalonjeza zidole zimene ana a abwana ake anasiya kuseweretsa.

Masana amenewo ana onse, ndi Mtende yemwe, anali kutchalitchi kokonzekera sewero la kubadwa kwa Yesu. Komabe a NyaMsiska anatseka chitseko, nakoka makatani.

"Ana a kuno amanunkhiza chinthu chisanatuluke m'katoni," anatero. "Tsegulani, anyina Mtende."

Munali tigalimoto, kena kopanda tayala, mpira wophwa, zidole za tsitsi lachikasu lopiringizana, ndi kafoni ka pulasitiki koimba nyimbo ukakadina. Lettie ankapukuta chilichonse ndi kansalu konyowa. A NyaMsiska anatenga singano ndi zotsala za chitenje n'kuyamba kusoka timadiresi, chifukwa zidole zambiri zinabwera mbulanda, ndipo iwo anati chidole chotero sichingalowe m'tchalitchi.

Pansi penipeni Lettie anapeza jumbo yomanga mfundo. Ataimasula, pamphasa panakhuthuka tizidutswa ta thabwa lopyapyala, tina tokhota ngati mwezi wongooneka kumene, tina ta mano ngati chipeso. Kalikonse kanali ndi kampata kong'ambika bwinobwino. Munalibe chithunzi kapena pepala.

"Amama, ichi n'chiyani?"

A NyaMsiska anangoponyako diso. "Zophwanyika izo. Muike pambali, tidzayatsira mbaula."

Lettie anatenga tizidutswa tiwiri, nalowetsa kampata ka kena mu kampata ka kanzake. Tinagwirana gwa. Anayesa kachitatu, nakonso kanalowa.

"Sizinaphwanyike, amama. Anachita kuzidula chonchi."

A Gondwe anali pakhonde ndi wailesi yawo. Kuyambira m'mawa ankanena kuti za zidole ndi za azimayi. Analowa kudzafunsa za tiyi, koma ataona zimene zinali pamphasa anaima, natulutsa magalasi m'thumba la malaya. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha mishoni kumtunda kuja, ndipo anali atamanga miyendo ndi mikono yothyoka ya anthu osawerengeka.

"Tandipatsani kameneko, mwana wanga." Anakatembenuza uku ndi uku. "Izi ndi nthiti. Ndipo ichi, ngati sindikunama, ndi chiuno."

"Chiuno cha ndani, adada?"

"Ndiye funso limenelo."

Anakhala pansi pamphasa, chinthu chimene Lettie anali asanawaonepo akuchita, nayamba kusanja tizidutswato. Anapeza msana, nalowetsamo nthiti kuyambira zazing'ono mpaka zazikulu. Kenako anaika chiuno ndi miyendo iwiri, naimiritsa chinthucho ngati munthu. Chinagwa chafufumimba. Anayesanso, chinagwanso.

"Ine ndinazolowera mafupa a anthu okhaokha," anatero akukanda mutu.

"Mwina chimayenda ndi miyendo inayi," anatero Lettie. "Taonani iyi iwiri yatsalayi. Ya thole imakhala chonchi."

Anaika miyendo yonse inayi, ndipo chinaima. Koma panatsala tizidutswa tiwiri titalitali, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo komwe kunali malo olowetsapo. Atatilowetsa, chinyamacho chinatalika mbali zonse ziwiri, osadziwika kuti khosi ndi liti, mchira ndi uti.

Lettie anati ndi ng'ona. A Gondwe anakana. Anati iwo anasokapo mabala a asodzi olumidwa ndi ng'ona, anaonapo ndi ng'ona yakufa itagonekedwa pamchenga, ndipo miyendo yake imatulukira m'mbali, siima pansi pa mimba ngati mizati. Iwo ankaganiza za kadyansonga.

"Kadyansonga wa mchira wautali chonchi, adada?"

Anagwirizana zoimbira Hezron. Foni inaitana kanthawi asanayankhe, ndipo kumene analiko kunkamveka phokoso la magalimoto.

"Adada, jumbo imeneyo sindinaitsegule n'komwe. Madamu anangoti tengani zonse. Bwanji, muli choipa?"

"Yayi, mulibe choipa. Muli mafupa."

"Mafupa a chiyani?"

Foni inaduka asanamuyankhe. Kunja mvula inali itayamba kugwa pamalata.

"Awiske Hezron," anatero a NyaMsiska kwa amuna awo osadzutsa mutu, "mpunga wa mawa sitinasankhe, nkhuku sitinagwire, zidole sitinakulunge. Anthu akuluakulu awiri mwakhalira tinkhuni."

Analuma ulusi, nakweza maso kuti apitirize kudandaula, koma sanapitirize. Anayang'anitsitsa chinthu chija, singano ili m'manja.

"Tachitembenuzani chione kuno. Kwezani mbali iyo, yokhuthalayo. Ayi, inayo ikhale pansi."

Lettie anakweza mbali imene ankanena, ndipo khosi linaonekera, lalitali, lopindikira m'mwamba.

"Ndinachionapo ichi," anatero a NyaMsiska pang'onopang'ono. "Ku Karonga, kunyumba yosungirako zinthu zakale. Tinapitako ndi ana a sukulu. Mafupa ake anaimikidwa pakati pa chipinda, chachikulu chomene, kuposa balaza lino. Anati anachikumba pansi konkuja ku Karonga, ndipo chinatha kalekale anthu kulibe. Dzina lake lachizungu amati dayinoso."

A Gondwe anavula magalasi. "Ku Karonga konkuno? NyaMsiska, zaka zonsezi osandiuza?"

"Ndinakuuzani tsiku lomwelo. Munali kumvera mpira."

Lettie anaseka. Tsopano a NyaMsiska anasiya kusoka, nasendera pamphasa. Ndi iwo amene anaona kuti kunsonga kwa khosi kunali kampata kopanda cholowamo. Mutu panalibe. Anakutumula jumbo, anapendeketsa katoni, anayang'ana pansi pa mipando ndi m'kati mwa tigalimoto. Sanaupeze.

"Mutu wake unali wotani?" anafunsa a Gondwe.

"Waung'ono, ndikuganiza."

"Unali ndi nyanga? Mano?"

"Ine ndinali ndi ana a eni ake, maso anga anali pa iwo. Mmodzi ankafuna kukwera pamchira."

Lettie anayesa kufufuza chithunzi pafoni, koma ndi mvula ija netiweki inangozungulirazungulira osatsegula kanthu. A Gondwe anapita kuseri, nabwera ndi kachidutswa ka mtengo wa malaina ndi kampeni kawo. Mutu woyamba umene anasema unatuluka ngati wa bakha. Akazi awo anati chinyama chachikulu chotero sichingakhale ndi mlomo wa bakha. Wachiwiri unafanana ndi wa mbuzi yopanda nyanga. Anauyang'ana onse atatu, ndipo popeza palibe amene ankadziwa kuti walakwika pati, anaulowetsa pakhosi. Unakhala bwino.

A Gondwe ananyamula chinyamacho mosamala, nachiika pamwamba pa kabati pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo.

"Ichi n'chosalimba," anatero. "Ana achithyola tsiku lomwelo. Azibwera kudzachiona pompano."

"Hezron anatumizira ana, sanatumizire inu," anayankha a NyaMsiska.

"Ndiye mupatsa mwana uti? Ena onse alira."

Lettie anayang'ana zidole zimene zinali mbwee pamphasa, zosakulunga, ndi tiyi amene palibe anakumbuka kuphika.

"Amama, bwanji tichiphwasule? Tibwezere m'jumbo mmene chinabwerera, tipatse ana onse pamodzi. Ife chatisunga masana onse. Tikawapatsa chomangamanga angochiyang'ana n'kuchisiya."

A Gondwe anayang'ana chinyama chija pakabati. Kenako anachitsitsa okha. Asanazule kanthu anapempha Lettie kuti achijambule pafoni, kutsogolo ndi m'mbali, ndipo anaimirira kumbuyo kwake kuti naonso aoneke. Atatero anazula nthiti imodziimodzi, osalola wina kuwathandiza. Ntchito yotsalayo anaigwira mothamanga. Anakulunga zidole m'manyuzi akale n'kumanga ndi ulusi wofiira, a Gondwe anapopa mpira ndi pampu ya njinga, ndipo pamene Mtende ankagogoda pachitseko, atanyowa, akuimba nyimbo ya abusa, zonse zinali m'dengu pansi pa bedi.

M'mawa mwake, mapemphero atatha, ana anakhala pamikeka pakhonde la tchalitchi. Aliyense analandira kaphukusi kake, ndipo kwa kanthawi kunali phokoso la manyuzi ong'ambika ndi kafoni koimba kaja. Kenako a NyaMsiska anakhuthula jumbo pakati pawo.

"Ichi n'cha nonse. Sindikuuzani kuti n'chiyani."

Ena anangoyang'ana n'kubwerera ku tigalimoto tawo. Koma Rahab, mtsikana wofatsa wa m'banja la asodzi, anatola tizidutswa tiwiri, natiyang'ana, natilumikiza. Mtende ndi ena angapo anasendera pafupi. Anayamba kukangana m'Chitumbuka. Wina anati ndi bwato, nthitizo ndi matabwa ake. Rahab anati ndi nsomba yodyedwa kale, yatsala minga yokha.

A Gondwe anaima chapafupi atavala suti yawo ya Khirisimasi, manja ali kumbuyo. Anapirira mpaka pamene anawo anaika mwendo pamsana. Pamenepo anakwinya thalauzi, nagwada pamkeka.

"Agogo, mukuchidziwa?" anafunsa Rahab.

"Pang'ono. Mafupa ake enieni ali ku Karonga."

"Chimadya anthu?"

"Sindikudziwa, mwana wanga. Akuti nthawi imeneyo anthu kunalibe."

"Nanga anachiona ndani kuti chinali chonchi?"

A Gondwe anatembenukira kwa akazi awo, koma iwo anali kutali, akuweruza mlandu wa ana awiri olimbirana mpira. Anayang'ana Lettie, ndipo Lettie anapukusa mutu.

"Limenelo tikafunse konko," anatero a Gondwe. "Sukulu zisanatsegulidwe. Anyina Mtende, minibasi ya ku Karonga imadutsa m'mawa, eti?"

"Zimadutsa zambiri, adada."

Rahab anali atabwerera kale kuntchito yake. Anazula mwendo uja pamsana, nauyesa malo ena, ndipo a Gondwe anamugwirira msanawo kuti usagwe.